Mphindi 10 zoyambirira: chomwe chimathamangitsa amayi ku mipikisano ya njinga

Mayi amene amapalasa makilomita 80 pa Loweruka osamva kanthu angathe kulowa mpikisano wa makilomita 30 okha n'kusiyidwa ndi gulu mphindi 10 zisanakwane. Kotsalako amapalasa yekhayekha, mphepo ikumuomba pachifuwa, mpaka oyang'anira amuuze kuti apatuke chifukwa otsogola azungulira n'kumupeza. Amapita kwawo akukhulupirira kuti alibe mphamvu zopikisanira, ndipo ambiri otere sabweranso. Chaka chotsatira okonza mpikisano amawerenga mayina a amayi olembetsa, amapeza 6, n'kugamula kuti amayi alibe nazo chidwi. Okonzawo alakwa, ndipo mayi uja nayenso anadziweruza molakwa. Kawirikawiri chomwe chinamusiyitsa gulu si miyendo ayi. Ndi malo omwe anaima poyambira, mpata womwe anasiya pakati pa wilo lake ndi la mnzake, momwe anagwirira mabuleki pa kona yachitatu, komanso anthu omwe anamuika nawo pa mzere umodzi.

Za anthuwo n'zofunika kuzimvetsa bwino. Kumene masewerawa anakhazikika, opalasa amagawidwa malinga ndi luso. British Cycling, bungwe loyang'anira masewera a njinga ku Britain, ili ndi gulu lachinayi la oyamba kumene, kukwera mpaka gulu loyamba, pamwamba pake akatswiri; USA Cycling ya ku America nayo ili ndi makwerero ofanana. Mwamuna woyamba kumene amapikisana ndi anzake oyamba kumene, onse akulakwitsa zofanana, ndipo amapeza nthawi yophunzira. Amayi akakhala ochepa, okonza amaphatikiza magulu onse kuti mzere uoneke wodzaza. Zotsatira zake, mayi amene sanavalepo nambala pamsana amaima pambali pa mayi amene wapikisana zaka 10. Kuchepako kulinso ndi mbiri yake. Amuna anapikisana pa njinga za pamsewu ku Olympic kuyambira 1896, pomwe amayi anadikira mpaka 1984 ku Los Angeles, komwe Connie Carpenter-Phinney anapambana. Mpikisano wa pamsewu wa dziko lonse lapansi wa amayi unayamba mu 1958 ku Reims, n'kuwina Elsy Jacobs wa ku Luxembourg. Makalabu, malamulo ndi zizolowezi za masewerawa zinakula zaka zambiri amayi ali kunja, ndipo mpaka lero zambiri zimayezedwa pa thupi ndi pa chiwerengero cha amuna.

Mphepo ndiye mwini mpikisano

Njinga ikamathamanga kupitirira makilomita 30 pa ola pamalo athyathyathya, mphamvu zoposa magawo atatu mwa anayi zimathera polimbana ndi mphepo. Mukabisala kumbuyo kwa munthu mmodzi, pafupi ndithu, mumapulumutsa pafupifupi 30 pa 100 ya mphamvuzo. Pakati pa gulu lalikulu phindu limaposa apo: kafukufuku wa Bert Blocken wa mu 2018, yemwe anayesa gulu la opalasa 121, anapeza kuti amene ali mkatikati chakumbuyo amakumana ndi mphepo yochepera gawo limodzi mwa magawo 10 a yomwe akanakumana nayo ali yekha. N'chifukwa chake kusiyidwa ndi mamita 10 okha n'koopsa. Gulu likupalasa mopepuka, inu mukupalasa ndi mtima wonse kuti mungofanana nalo liwiro, ndipo kuti mulipeze muyenera kuliposa. Mpata wa mamita 5 utsekeni pomwepo, ngakhale miyendo iwawe kwa masekondi 10. Mukauyembekezera kuti udzitseke wokha, pakapita mphindi imodzi wafika mamita 50.

Woyamba kumene amasiya mpata wa mamita awiri chifukwa cha mantha, ndipo manthawo ndi omveka. Njira yake n'kuuchepetsa pang'onopang'ono pophunzira ndi mnzanu wodekha: sabata yoyamba mita imodzi, kenako theka la mita, mpaka masentimita 30 kapena 40. Maso asakhale pa tayala la mnzanu. Yang'anani kupyola phewa lake, kwa anthu awiri kapena atatu kutsogolo, kuti muone kuchedwa kusanakufikeni. Mukaona kuti mukumuyandikira kwambiri, lekani kupalasa kwa kamphindi kapena tulukani pang'ono kumphepo kuti ikuchedwetseni. Mabuleki ndi omaliza, ndipo agwireni ndi chala chimodzi kapena ziwiri, mofewa.

Lamulo lomwe silisintha ndi ili: wilo lanu lakutsogolo lisalowe pambali pa wilo lakumbuyo la mnzanu. Iye akakhotera kumbali ngakhale pang'ono, mawilo amakhudzana, ndipo wogwa ndi inu, chifukwa wilo lakutsogolo ndilo limasunga njinga kuti isagwe. Iye mwina sangamve n'komwe. Chenjeraninso pamene wakutsogolo aimirira pa mapedulo pachikweza: njinga yake imabwerera m'mbuyo masentimita angapo pa kamphindi kameneko, ndipo ngozi zambiri za pachikweza zimayambira apo.

Mphepo ikamachokera m'mbali, pobisala sipakhalanso kumbuyo kwenikweni. Ikachokera kumanzere, khalani kumbuyo chakumanja kwa mnzanu. Ikachokera kumanja, chakumanzere. Msewu ukadzaza m'lifupi, otsalawo amandandalikana m'mphepete opanda chowatchinga, ndipo gulu limadukira pamenepo. Musanayambe mpikisano, onani komwe mbendera kapena masamba akulozera, mudziwe mbali iti ya njira yomwe mphepo idzakhale ya m'mbali, ndipo mufike kutsogolo kusanafike pamenepo.

Makona

Mipikisano yambiri ya m'makalabu ndi ya criterium: kuzungulira njira ya kilomita imodzi kapena iwiri kwa mphindi 30 mpaka 60. Pa njira ya makona anayi, kuzungulira ka 30 kumatanthauza kutuluka pa kona ka 120. Anthu asanu oyambirira amadutsa kona osagwira mabuleki, liwiro lawo silitsika kwenikweni. Wachikhumi amagwira pang'ono, wa nambala 20 amagwira kwambiri, ndipo wotsiriza amatsika mpaka makilomita 25 pa ola pomwe otsogola akutuluka pa 35. Gulu limatamuka ngati mphira, ndipo wakumbuyo ayenera kuthamanga mwa mtima bii kuti alumikizane nalo, n'kupeza kona ina yafika kale. Munthu akhoza kuchita zimenezi ka 15 kapena ka 20, kenako miyendo imakana. Ndizo mphindi 10 zija. Kumbuyo kwa gulu kumaoneka kotetezeka kwa woyamba kumene, koma ndi kumene ntchito imalemera kwambiri, komanso ndi kumene mumakumana ndi ngozi iliyonse yochitika patsogolo panu.

Malo abwino ndi pakati pa wachinayi ndi wachikhumi. Malowo sakhala anu mpaka kalekale, chifukwa anthu amadutsa m'mbali nthawi zonse, ndiye mukangokhala phee mumapezeka mwabwerera kumbuyo osadziwa. Kwerani pamene gulu lachedwa n'kufutukuka m'lifupi, osati pamene latamuka mzere umodzi likuthamanga. Njira yotsika mtengo pa mphamvu n'kutsatira wilo la munthu wina amene akukwera kale.

Kona yeniyeniyo imafuna zinthu zochepa koma zochitika motsatana. Manja akhale kunsi kwa mahandulo, pamene anapindika, chifukwa apo thupi limatsika, mabuleki mumawagwira mwamphamvu, ndipo mahandulo a mnzanu sangakowe anu. Chepetsani liwiro musanalowe, njinga ikadali yowongoka. Kugwira buleki yakutsogolo muli mkati mwa kona kumawongola njinga n'kukutayani kunja, kapena tayala limaterereka. Sinthani giya musanalowe, yopepukirapo ndi dzino limodzi kapena awiri, kuti potuluka miyendo izungulire msanga. Pedulo ya kunja ikhale pansi, muipondereze ndi kulemera kwa thupi, ya mkati ikhale m'mwamba kuti isakhule pansi. Maso alozere potulukira, osati pa mwala womwe mukuuopa, popeza njinga imapita komwe maso apita. Muli nokha mumalowera kunja, kudula mkati, n'kutulukira kunja. Muli m'gulu mumatsata mzere womwe gulu latenga, ndipo kudula mkati mwa anzanu kuti mupeze malo awiri n'kumene kumagwetsa anthu asanu.

Zonsezi zimaphunzirika pa bwalo lopanda magalimoto ndi mabotolo anayi oika pansi. Mphindi 20 kawiri pa sabata kwa mwezi umodzi zimasintha munthu kuposa makilomita mazana opalasa mowongoka. Pa udzu wofewa, muli ndi mnzanu, phunzirani kugundana mapewa ndi zigongono mukupalasa pang'onopang'ono, kuti tsiku lomwe wina adzakukhudzani m'gulu musadzadzidzimuke n'kukoka mahandulo. Zigongono zikhale zopindika. Mikono youma imatumiza kugunda konse ku wilo lakutsogolo. Phunziraninso kumwa madzi osayang'ana botolo, kucheuka njinga osapatuka pa mzere, ndi kukowa nsapato ku pedulo ulendo umodzi. Wophonya pedulo poyambira amayamba mpikisano ali wotsiriza.

Za mphamvu, kupalasa mtunda wautali pa liwiro limodzi kumamanga maziko koma sikukonzekeretsa munthu makona 120 aja. Kwa masabata 8 mpaka 10 mpikisano usanafike, ikani masiku awiri pa sabata a kuthamanga modukiza: masekondi 30 mwamphamvu, masekondi 30 mopepuka, ka 10, kupuma mphindi 5, n'kubwereza kawiri kapena katatu. Tsiku lina pa sabata likhale lopalasa m'gulu lothamanga kukuposani pang'ono. Maola 5 mpaka 7 pa sabata ndi okwanira mpikisano wa m'kalabu, ndipo sabata yomaliza chepetsani ndi theka.

Njinga yogulidwa pa muyeso wa munthu wina

Simufunika njinga yodula kuti muyambe. Mufunika njinga yokukwanani, ndipo apa amayi aafupi msinkhu amavutika kwambiri, chifukwa njinga zazing'ono zambiri zimabwera ndi zipangizo za muyeso wa munthu wamkulu thupi.

Yambani ndi zogwirira mabuleki. Ngati manja ali kunsi kwa mahandulo ndipo nsonga za zala zikungokhudza chogwiriracho movutikira, simudzalimba mtima kupalasa muli pamenepo, ndipo makona onse mudzawadutsa manja ali pamwamba. Zogwirira zamakono zambiri zili ndi kasikuluwu kobisika kosendezera chogwiriracho pafupi ndi mahandulo. Ndi ntchito ya mphindi 5, koma amayi ambiri amapalasa zaka osauzidwa. Mukasendeza, yesani ngati buleki ikugwira chogwiriracho chisanafike pa mahandulo. Ngati chikufika, waya ufunika kukokedwa. Mahandulo enieniwo azifanana ndi m'lifupi mwa mapewa. Njinga zambiri zimabwera ndi a masentimita 40 kapena 42, pomwe amayi ambiri amakwanira 36 kapena 38. Dziwani kuti kuyambira 2026 UCI, bungwe loyang'anira masewera a njinga padziko lonse lapansi, inalamula kuti pa mipikisano yoyambira pamodzi mahandulo asachepere masentimita 40 poyeza kunja mpaka kunja, lamulo lomwe amayi ambiri opalasa analidandaula. Funsani okonza ngati likugwira ntchito pa mpikisano wanu musanagule atsopano. Mikono ya mapedulo ya mamilimita 170 kapena 172.5 imakweza bondo mpaka pafupi ndi chifuwa kwa munthu wa miyendo yaifupi, chiuno n'kumagwedezeka pa chishalo. Ya 165 imathandiza pa vutoli, ndiponso imachepetsa kukhula kwa nsapato pa wilo lakutsogolo pokhota.

Kutalika kwa chishalo kuli ndi poyambira pake: yezani mwendo mkati kuchokera pansi muli opanda nsapato, chulukitsani ndi 0.883, ndipo chiwerengerocho ndi mtunda wochokera pakati pa ekisulo ya mapedulo kufika pamwamba pa chishalo. Mwendo wa masentimita 76 umapereka pafupifupi 67. Kuwawa kutsogolo kwa bondo kumasonyeza chishalo chotsika, kuseri kwa bondo chokwera. Sinthani mamilimita atatu kapena asanu pa nthawi, osapitirira.

Magiya a mano 50 ndi 34 kutsogolo, 11 mpaka 30 kapena 32 kumbuyo, amakwanira pafupifupi mpikisano uliwonse. Pa 50 ndi 17, miyendo ikuzungulira ka 90 pa mphindi, mumathamanga pafupifupi makilomita 34 pa ola. Pa 50 ndi 15, pafupifupi 38. Oyamba kumene amakonda giya yolemera, ka 65 kapena 70 pa mphindi, ndiye gulu likafulumira mwadzidzidzi njinga imachedwa kuyankha. Zolowerani ka 85 mpaka 95. Mpweya wa m'matayala nawonso umatengera kulemera kwa munthu. Malangizo akale opopa mpaka psi 110 (psi ndi muyeso wa mpweya wa m'tayala) anali a matayala opyapyala a mamilimita 23 ndi amuna olemera. Mayi wa makilogalamu 55 mpaka 60 pa matayala a mamilimita 28 amafunika psi 60 mpaka 65 basi, ndipo kukagwa mvula achotseko zisanu. Tayala louma gwa limadumphadumpha pa kona m'malo mogwira msewu.

Zomwe ambiri amachita manyazi kufunsa

Kupweteka kwa malo obisika kumasiyitsa amayi ambiri njinga mwakachetechete, ndipo si chinthu choti munthu angopirira. Dzanzi, kutupa kapena zilonda n'chizindikiro chakuti thupi likukhalira minofu yofewa m'malo mwa mafupa awiri a m'matako. Khalani pa katoni yofewa yoikidwa pa mpando wolimba, yezani mtunda wa pakati pa maenje awiri omwe atsale, onjezerani mamilimita 20 kapena 25, ndipo mwapeza m'lifupi mwa chishalo choyenera. Zambiri zimapangidwa pa mamilimita 143, 155 ndi 168. Chishalo chokhala ndi mpata pakati kapena cha mphuno yaifupi chimathandiza ambiri, koma osati onse, ndiye yesani musanagule ngati n'kotheka. Chofewa kwambiri n'choipa kuposa cholimba, chifukwa mafupa amamira ndipo siponjiyo imakankha pakati. Kutsitsa mphuno ya chishalo ndi digiri imodzi mpaka atatu kumachotsa kupanikiza kwa kutsogolo. Kupitirira apo mumatsetserekera pa mikono. UCI yomwe inafewetsa lamulo lake mu 2016 n'kulola kupendeka mpaka madigiri 9, pozindikira mavuto omwewa.

Kabudula wa siponji amavalidwa popanda chovala chamkati, chifukwa msoko wa chamkaticho ndiwo umakhula khungu. Amachapidwa ulendo uliwonse, ndipo amavulidwa mukangotsika pa njinga, osati kukhala naye maola awiri mukudikira zotsatira. Kumeta malowo tsiku loti mawa mpikisano kumasiya timabala tomwe thukuta limalowamo. Chotupa chikakhala chofiira, chotentha, chosachoka pakatha masiku angapo, pitani kwa dokotala.

Magazi nawonso. Msambo umachotsa ayironi mwezi uliwonse, ndipo mayi amene akulimbikira kupalasa koma liwiro likutsika, akupuma mwawefuwefu pa chikweza chomwe kale sichinkamuvuta, ayezetse magazi, makamaka ferritin, yomwe imasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi, asanadziimbe mlandu wa ulesi. Madokotala a zamasewera amayamba kudera nkhawa ferritin ikatsika kufika cha m'ma 30. Mapiritsi a ayironi asamwedwe popanda kuyezetsa. Msambo ukasiya kwa miyezi itatu mwa munthu amene si woyembekezera, si umboni wa kulimba thupi monga ena amanenera. Nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti munthu akudya zochepa poyerekeza ndi ntchito yomwe thupi likugwira, vuto lomwe IOC, bungwe loyendetsa masewera a Olympic, inalitcha RED-S mu 2014, ndipo limafooketsa mafupa. Mphunzitsi aliyense amene amayamba ndi kuuza mtsikana kuti achepetse thupi asanamuphunzitse kukhota, ameneyo ngosayenera kumumvera.

Tsiku lenilenilo

Idyani maola atatu mpikisano usanayambe, chakudya chomwe mimba inachizolowera. Mpikisano wosafika ola umafuna botolo limodzi basi. Wopitirira ola ndi theka umafuna magalamu 30 mpaka 60 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola lililonse, ndi madzi mamililita 500 mpaka 750. Magalamu 30 a shuga ndi kamchere pang'ono m'botolo la theka la lita amagwira ntchitoyo. Yambani kudya mu theka la ola loyamba, chifukwa njala ikamveka mwachedwa kale.

Dzulo lake onani mabuleki, matayala ngati alibe timiyala kapena magalasi, zomangira mawilo, ndi zotsekera kumapeto kwa mahandulo, zomwe oyang'anira ambiri salola munthu kuyamba popanda izo. Musasinthe chilichonse pa njinga usiku umenewo. Fikani kudakali ola ndi theka. Nambala imangeni ndi mapini 7 kapena 8, mobaya pepala ndi nsalu pamodzi osadutsa m'mabowo a m'makona, kumbali komwe oweruza akhale. Ya mapini anayi imafufuma ndi mphepo ndipo siwerengeka. Zungulirani njira kawiri muone maenje, mchenga ndi zivundikiro zachitsulo. Tenthetsani thupi mphindi 20, ndi kuthamanga kwakufupi katatu kumapeto, chifukwa criterium imayamba mothamanga kuyambira sekondi yoyamba. Ndipo pitani pa mzere woyambira kudakali mphindi 10, muime kutsogolo. Palibe amene ali ndi ufulu wa malowo kuposa inu. Funsaninso ngati pali lamulo lolola wogwa kapena wophwa tayala kupuma kuzungulira kumodzi n'kubwerera m'gulu, komanso pomwe lamulolo limathera.

Gulu likakhala la anthu 8

Mpikisano wa amayi ochepa uli ndi nzeru zake, zosiyana ndi zomwe zimaoneka pa kanema. Pobisala pamachepa, aliyense amaonekera, ndipo awiri amphamvu akathawa otsala amabalalika mmodzimmodzi. Mukapezeka mwatsala ndi anzanu awiri kapena atatu, musapalase aliyense payekha motalikirana mamita 20. Dikiranani, pangani mzere, aliyense atsogole masekondi 20 kapena 30, agwedeze chigongono, apatukire kumbali yochokera mphepo, abwerere kumbuyo. Wolowa kutsogolo asawonjezere liwiro, angosunga lomwe walipeza. Kuwonjezera kumadula amene wangotuluka kumene, yemwe ndi wotopa kuposa onse. Wamphamvu atsogole nthawi yaitali, osati mothamanga kwambiri.

Cholakwa china chofala n'kutsogolera gulu lonse kwa mphindi zambiri chifukwa choti wina aliyense sakufuna, kenako pa mamita 200 omaliza onse omwe munawanyamula akudutsani. Simukakamizidwa kutsogola. Mukaona kuti mwakhala kutsogolo kopanda cholinga, chepetsani liwiro n'kupatuka. Ngati mumadziwa kuti liwiro la pomaliza si lanu, thawani kudakali kutali, pamene gulu langomaliza kugwira wina n'kupumira m'mwamba. Yambirani kumbuyo pang'ono ndi mbali ina ya msewu kuti podutsa otsogola mukhale mwathamanga kale. Anna Kiesenhofer wa ku Austria, katswiri wa masamu yemwe analibe timu ya akatswiri, anathawa gulu pachiyambi penipeni pa mpikisano wa makilomita 137 ku Olympic ya ku Tokyo mu 2021, ndipo sanamupezenso. Ngati liwiro la pomaliza ndi lanu, khalani wachiwiri kapena wachitatu potuluka kona yomaliza, yambani pa mamita 150 mpaka 200, manja kunsi, ndipo musapatuke pa mzere wanu, chifukwa kupatuka kukhoza kutsitsitsa kapena kuchotsetsa munthu pa zotsatira.

Gawo la okonza mipikisano

Zonse zili pamwambazi mayi angazichite yekha, koma chiwerengero sichidzakula ngati okonza sasintha. Choyamba ndi mpikisano wa oyamba kumene woima pawokha, ngakhale alembetse asanu, ndipo zilengezedwe poyera kuti udzachitika zivute zitani. Chizolowezi chonena kuti mpikisano wa amayi udzakhalapo akakwana 10 chimadzipha chokha: aliyense amadikira kuona ngati ena alembetsa, tsiku limafika mayina ali anayi, mpikisano n'kulephereka. Ngati nthawi silola mipikisano iwiri, magulu ayambe motsatana, ofooka patsogolo ndi mphindi ziwiri kapena zitatu, amphamvu aziwathamangitsa. Apo oyamba kumene amakhala ndi mphindi 15 kapena 20 zophunzira kusinthana kutsogolo asanapezedwe. Zotsatira zilembedwe gulu lililonse palokha.

Kuika amayi ndi amuna pa njira imodzi nthawi imodzi kumafuna masamu. Pa njira ya makilomita awiri, amuna akamathamanga 42 pa ola ndipo amayi 35, amuna amawapeza mphindi 17 zilizonse, kutanthauza kawiri kapena katatu mu mpikisano umodzi. Nthawi iliyonse amayi ndiwo amauzidwa kuti achedwe, ndipo amene anathawa gulu amataya zomwe anavutikira. Ngakhale akatswiri zinawachitikira: mu 2019 pa Omloop Het Nieuwsblad ku Belgium, Nicole Hanselmann anaimitsidwa ali yekha patsogolo chifukwa anayandikira magalimoto otsatira amuna. Okonza awerengere nthawi zokumanirana pasadakhale, aonetsetse kuti sizigwera pa kuzungulira komaliza kwa amayi, ndipo anene momveka poyambira ngati kubisala kumbuyo kwa gulu lina n'kololedwa kapena ayi.

Pa mipikisano yophunzirira, wosiyidwa aloledwe kudikira gulu n'kulowanso kumbuyo kwake, osawerengedwa pa opambana. Munthu amene anapalasa m'gulu mphindi 35 mwa 40 waphunzira; amene anatulutsidwa pa mphindi ya 12 waphunzira manyazi okha. Amayi awiri odziwa azipalasa nawo osapikisana, akulangiza ali pa njinga. Maphunziro a ola limodzi mpikisano usanayambe ali ndi phindu lalikulu kuposa mphoto: Kristen Faulkner, yemwe anapambana pa msewu ku Olympic ya ku Paris mu 2024, anayamba mu 2017 pa maphunziro a amayi oyamba kumene ku Central Park mu New York. Mphamvu anabwera nazo kuchokera ku masewera opalasa bwato, koma luso la m'gulu analipeza chifukwa kalabu inatsegula khomo.

Zotsalazo ndi zazing'ono koma zimaoneka. Mpikisano wa amayi usamaikidwe nthawi zonse m'bandakucha oonerera asanafike. Mphoto zifanane, ndipo woulutsa mawu adziwe mayina a amayi monga adziwira a amuna. Zimbudzi zokhala ndi chitseko chokhoma zikhale pafupi ndi poyambira, chifukwa kabudula wa malamba a m'mapewa amafuna kuti mayi avule malaya onse. Atsikana osakwana zaka 18 asamasiyidwe ndi wamkulu mmodzi yekha pa ulendo kapena pa maphunziro, ndipo kalabu ikhale ndi munthu wodziwika wolandira madandaulo. Pomaliza mpikisano, okonza asunge mayina a amayi omwe abwera koyamba, awalembere pasanathe sabata kuwauza tsiku la mpikisano wotsatira ndi la maphunziro a makona, ndipo kumapeto kwa chaka awerenge angati mwa iwo anabweranso kachiwiri ndi kachitatu.